Za Chitseko Changa ndi Mlonda Wanu

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira,
Nyumba ya Zaluso ya Mlatho,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndi parafini kuti pepala lopita kwa munthu ngati inu lisathimbirire ndi penti. Ndikhulupirira muli bwino, inuyo, banja lanu, makoma anu oyera aja, ndi magetsi aja amene amaunikira zithunzi ngakhale dzuwa lili paliwombo. Kuno ku Dwangwa tili bwino, Alhamdulillah, kupatula fumbi ndi manyazi.

Mwina dzina langa lakuthawani, pakuti mumakumana ndi anthu ambiri ofunika. Ndine Sufiyani Kalilu, uja munamuimika pakati pa alendo anu mwezi wa Juni n'kumutcha "liwu latsopano lochokera kunyanja". Liwu latsopanolo lili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo mano atatu anaguluka kale. Ntchito yanga yeniyeni ndi kulemba zikwangwani. Mukadzadutsa pa Dwangwa n'kuona mutu wa munthu pakhoma la ometa tsitsi, kapena nkhuku yonenepa kuposa mbuzi pa lesitilanti, kapena mawu oopseza adani kumbuyo kwa minibasi, dziwani kuti dzanja langa linadutsapo. Sabata ino ndakuimbirani foni kasanu, ndipo kasanu konse mayi wa mawu okoma wandiuza kuti muli mumsonkhano. Poopa kusokoneza msonkhano wautali chotero, ndaganiza zodzera m'nyuzipepala. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba ndamva, ndipo nkhani yakenso ndi ya chitseko.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha chilengezo chanu chija, choitana ojambula amakono a m'maboma onse kuti atumize ntchito zawo ku chionetsero. Mwana wanga Sharifa atandiwerengera pafoni yake, sindinagwire burashi tsiku lonse. Ndakhala pabanja ndi akazi anga, a Habiba, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. M'zaka zonsezo ndajambula chambo, matayala, mabedi, mabotolo, ngakhale mabokosi a maliro, koma iwo ndinali ndisanawajambulepo. Ndinawapempha, iwo n'kuvomera.

Musayese kuti zinali zapafupi. Achimwene awo, a Hussein, amene amaphunzitsa ana ku madarasa, anabwera kunyumba kawiri kudzanena kuti nkhope ya mlongo wawo si yoti ikapachikidwe pamaso pa amuna achilendo. Ulendo wachiwiriwo a Habiba anawayankha modekha, akusenda chinangwa.

"Achimwene, nkhope yomweyi imaonedwa ndi dambo lonse ndikamawokera mpunga. Palibe anabwerapo kudzandithandiza kuti ndiweruke msanga ndikaibise."

A Hussein anavala nsapato zawo n'kupita, ndipo kuyambira tsikulo ankandidutsa pakhomo la mzikiti ngati akudutsa chitsa.

Mwezi wonse wa Febuluwale ndinkawatsatira a Habiba kudambo. Iwo m'matope, ine pamtunda ndi pensulo. Amayi anzawo ankati ndine mwamuna woyamba kufika kumunda ndi pepala m'malo mwa khasu, ndipo wina anapeka nyimbo ya ine imene sindingailembe muno. Chithunzicho ndinachimaliza mu Meyi. M'chithunzimo anali atawerama, matope mpaka m'mawondo, mbande za mpunga kudzanja lamanzere, mpango wawo wobiriwira utatsetserekera khutu limodzi, atadzutsa mutu ngati munthu amene waitanidwa ntchito ili mkati. Nditawaonetsa anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwandikalambitsa," anatero. Anapukuta manja m'chitenje n'kuyang'ananso. "Koma ndine."

Pa ntchito yanga yonse sindinalandirepo chiyamiko choposa chimenecho, kuphatikizapo chanu.

Chachiwiri, ndikufotokozereni za chitseko, pakuti ndaona kuti akatswiri anu analemba zambiri za icho popanda kufunsa mwini wake. Chithunzi chinayenera kubwera kwa inu pa lole yonyamula matumba a mpunga, ndipo ndimawadziwa anyamata okweza katundu. Ndinafuna thabwa lolimba loti ndichimangirirepo, koma pakhomo panalibe lina loposa chitseko cha khitchini yathu. Ndinachizula, n'kugoneka chithunzi chafufumimba pamwamba pake, n'kukulunga zonse ndi masaka. A Habiba ndinawalonjeza kuti chitseko chibwerera pa lole yomweyo.

Chitseko chimenecho, Bwana, ndi pamene ndakhala ndikupukutira maburashi anga kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chifukwa ndimasakanizira penti pakhonde la khitchiniyo ndipo ndine waulesi kufuna kansanza. A Habiba andikalipira za khalidwe limeneli kuyambira Sharifa ali kumbuyo.

Chachitatu, ndithokoze chifukwa cha tsiku lotsegulira chionetsero. Foni yanu inangoti, "Ntchito yanu yasankhidwa, ndipo ikhala pakati penipeni." A Habiba anauza dambo lonse. Anasoketsa diresi. Ine ndinafukula jekete imene ndinavala pa ukwati wa Sharifa, n'kuiyanika masiku awiri kuti fungo la m'sutikesi lichoke. Tinanyamuka m'mamawa, kudzera pa Salima, ndipo masana tinali titaima pakhomo panu, nsapato zili mbuu.

Titalowa, a Habiba anayamba kuyenda khoma ndi khoma kudzifunafuna. Ine ndinaima chilili, chifukwa pakati pa chipinda, pansi pa magetsi atatu, pozunguliridwa ndi chingwe kuti anthu asakhudze, panali chitseko cha khitchini yathu. Mahinjesi ake a dzimbiri anali pompo. Anthu ovala bwino anali atachizungulira, manja kumbuyo, mitu itapendekeka, ngati achibale amene akuona wodwala.

Chingerezi changa ndi cha pa zikwangwani, chimathera pa mawu atatu, choncho mayi wina wa magalasi anandimasulira kapepala kamene munamata pambali. Munachitcha "Nyanja Ikumbukira Mabala Ake". Munalemba kuti penti wa buluu ndi kuya kwa madzi athu. Ameneyo, Bwana, ndi wa shopu ya zitsulo za njinga ya a Jamali. Munati wofiira ndi magazi a mbiri. Ameneyo ndi wa butchala. Kabowo kamene munati ndi diso la makolo ndi pamene timapisa chingwe chotsekera. Ndipo mikwingwirima ya m'munsi ija, imene munati ndi zikhadabo za akapolo amene anadutsa pa Nkhotakota, ndi ntchito ya mbuzi yathu yaikazi, imene imanola nyanga pamenepo ikamva fungo la madeya. Ngati pali satifiketi, yoyenera kulandira ndi iyo.

Apa ndiye pamene munthu wolungama akanakweza dzanja n'kunena kuti pepani, pachitika kusamvetsetsana, chithunzi chili kuti? Ndikukuuzani mosabisa kuti mawuwo anafika pakhosi. Koma nthawi yomweyo munandigwira paphewa, anthu n'kuyamba kuomba m'manja. Bwana, ine ndapenta makoma zaka makumi atatu, ndipo chimene ndimamva ndikamaliza ndi chakuti chilembo chachiwiri chapendama. Sindinkadziwa kuti kuomberedwa m'manja kumalowa m'mawondo ngati dzuwa la m'mawa mwezi wa Juni. Mawu aja anabwerera kumene anachokera.

Mtolankhani wina anandifunsa kuti ntchitoyi inanditengera nthawi yaitali bwanji. Ndinati zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pamenepo sindinaname. Kenaka analoza mikwingwirima ya mbuzi ija n'kufunsa chimene ndinkamva mumtima poikanda. Ndinatsitsa mawu, ndinayang'ana kudenga monga ndinaonera ojambula anzanga akuchitira, ndipo ndinati, "Ndi kulira kwa makolo athu amene anawoloka nyanja atamangidwa." Mayi wa magalasi uja anapukuta misozi. Makolo athu aja anagulitsidwa kamodzi ndi adani awo, ine ndinawagulitsa kachiwiri kuti ndituluke m'nyuzipepala.

Ndikupempheni mukumbukire bwino zimene zinatsatira, chifukwa ndi pamene pagona kalata ino. Munabwera ndi tambula m'manja, ndipo pofuna kundilemekeza munalankhula Chichewa.

"A Kalilu, ndinu ochenjera. Kutibisira chuma chotere kumbuyo kwa kachithunzi ka amayi olima kaja. Zoterozo n'za pamsika wa alendo, tinatopa nazo. Ndawauza anyamata akataye pamodzi ndi makatoni."

Munaseka. Ine ndinasekanso, ndipo ndinaseka kuposa inu. A Habiba anali ataima pambali panga, atamaliza kuzungulira makoma onse anayi. Sanakuyang'aneni inu. Anayang'ana ine.

"Bambo a Sharifa, nthawi ya swala yakwana," anatero, n'kutuluka.

Nthawi ya pempherolo inali itakwanadi. Ine ndinatsala, chifukwa panali munthu wina wofuna kujambulitsa nane pafupi ndi chitseko.

Chachinayi, ndikudziwitseni mmene ulemu wanu unafikira kumudzi. Ulendo wonse wobwerera a Habiba analankhula ndi kondakitala, ndi mayi wa nkhuku amene anakhala naye mpando umodzi, ndi wogulitsa nthochi pa Salima, koma osati ndi liwu latsopano lochokera kunyanja. Mawa lake amayi a kudambo anabwera kudzamva za ku Lilongwe. Ine ndinabisala m'nyumba, khutu lili pazenera.

"Chinapachikidwa," ndinawamva a Habiba akutero. "Aliyense wolowa amayamba waona ine."

Bwana, mayi ameneyu saitana ngakhale nkhuku ndi dzanja lopanda kanthu, amati n'kuinamiza. Ndinakhala pansi m'chipindamo ndikuganiza kuti ndasandutsa munthu wotere kukhala wabodza pofuna kubisa manyazi a mwamuna wake. Sindinawafunse. Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, madzi osamba pa nthawi yake, koma mawu ankatuluka owerengeka ngati mapilitsi a kuchipatala.

Amene anakondwera ndi a Hussein okha. Ataona chithunzi changa m'nyuzipepala ndili pambali pa chitseko, anandipeza pakhomo la mzikiti n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

"Alamu, ngati ku Lilongwe anapachika chitseko, ndiye palibe mlandu. Chitseko chilibe nkhope."

Pa zabwino zonse zimene nyumba yanu yachitira dziko lino, lembanipo kuti munayanjanitsa munthu ndi mlamu wake.

Chachisanu n'chochititsa manyazi kwambiri, ndipo ndikanachidumpha pakanakhala kuti anthu a pa Dwangwa sanachione ndi maso awo. Mu Julayi munandilembera kuti mukufuna ntchito zina zisanu "za mzimu womwewo" za chionetsero cha mu Novembala. Munthu wanzeru akanakana. Ine ndinayamba kuyendayenda m'makomo mwa anthu kusuzumira zitseko za makhitchini ndi mabafa, mpaka a komiti ya chitetezo cha m'mudzi anandiitana kuti ndifotokoze. Ndinapeza ziwiri zakale. Ndinazipaka penti mothamanga, ndinazipakanso mopsa mtima, ndinazisiya padzuwa. Ndinamata madeya m'munsi mwake n'kumangirira mbuzi pafupi kuti ichite mbali yake. Inanyambita madeya onse bwinobwino, osakanda ngakhale pamodzi, n'kugona pansi kumabzikula ikundiyang'ana. Nditakutumizirani zithunzi pafoni, munayankha ndi mawu ochepa kuti ntchito zatsopanozi zataya choonadi. Pa zonse zimene munanenapo za luso langa, pamenepo pokha ndi pamene munalasa.

Ndafika pa chachisanu ndi chimodzi, chimene chandigwiritsa cholembera. Lachiwiri lapitali foni ya a Habiba inalira akupeta mpunga. Analankhula nthawi yaitali, chakumbali. Atamaliza anayala mkeka n'kundiuza kuti ndikhale, zimene anali asanachite kuyambira Juni.

Mumawadziwa a Fidelis, Bwana? Ndi bambo wa imvi uja amene amakutsegulirani geti m'mawa uliwonse, zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Ndafunsa chifukwa ineyo ndinawadutsa tsiku lija osawapatsa ngakhale moni, maso ali pa jekete yanga. Kwawo ndi kwa Malengachanzi, konkuno kwathu, ndipo anakulira m'madambo a mpunga.

A Habiba anandiuza kuti atatuluka tsiku lija anapita pageti kukapempha madzi oti asambe kumaso ndi m'manja asanapemphere. A Fidelis ndi Mkhristu, koma anakulira pakati pa Asilamu ndipo sanafunikire kufotokozeredwa. Anawapatsa madzi m'kachigubu, anayala katoni yoyera m'kanyumba kawo ka ulonda, n'kuwalozera kumpoto, kumene timayang'ana popemphera. A Habiba atalowa anapeza chithunzi chawo chili pamsomali, pamwamba pa katebulo ka buku lolembamo alendo, moyang'anana ndi zenera limene aliyense wolowa amaimapo. A Fidelis anayang'ana chithunzi, anayang'ana mlendo wawo, n'kuvula chipewa.

"Mayi, awa ndinu. Pepani, ndinachitola kuseri, pa mulu woti uwotchedwe. Ndinaona mmene mwagwirira mbandemo, ndinati uyu ndi munthu wa kwathu, sangapse ndi makatoni. Ngati ndalakwa, tengani."

A Habiba asanapemphere, a Fidelis anachitembenuza kuti chiyang'ane kukhoma, popanda wowauza, ndipo atatha anachibwezera. A Habiba anawauza kuti chikhale pomwepo. Anasiyirana manambala. Choncho zimene anauza amayi a kudambo zinali zoona zokhazokha, ndipo wabodza m'nyumba mwathu anali mmodzi yekha. Nditawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire miyezi iwiri yonseyi, anati, "Simunafunse kumene chinapita."

Tsopano a Fidelis anaimba kudzanena kuti mwawaimitsa ntchito. Akuti mlendo wina wolemekezeka, podikira galimoto yake pageti, anasuzumira m'kanyumba kaja, anaima nthawi yaitali, kenaka anabwerera mkati kukakufunsani chifukwa chimene chithunzi chabwino chotero chikukhalira kwa mlonda. Akuti tsiku lomwelo chithunzi chinasamukira mu ofesi yanu, ndipo a Fidelis analandira kalata yonena kuti anachotsa katundu wa nyumba yanu m'chipinda chosungiramo popanda chilolezo. Akuti Lolemba likubwerali akaonekera pamaso pa komiti, ndipo akapezeka olakwa achoka opanda kanthu, pa msinkhu umene palibe angawalembenso ntchito. Sanaimbe kuti adandaule. Amafuna kupepesa kwa a Habiba kuti chithunzi chawo sanathe kuchisunga.

Ndikudziwa kuti munthu wotanganidwa ngati inu sangakumbukire chilichonse chimene ananena ali ndi tambula m'manja. N'chifukwa chake ndadzipereka kukhala chikumbumtima chanu, kwaulere. Chithunzicho sichinalowepo m'chipinda chosungiramo katundu. Munalamula kuti chitayidwe, munandiuza nokha m'Chichewa chomveka bwino, ndipo mboni zilipo ziwiri: mmodzi amene anaseka ndi mmodzi amene sanaseke. Lolemba tonse awiri tidzakhala pageti lanu. A Habiba anena kale kuti avala diresi lomwe lija.

Ndikudziwanso chimene kalata ino indichitire. Za Novembala zathera pompa. Mayi wa magalasi uja adzafuna misozi yake ibwezedwe, ndipo adzakhala akulondola. Pa Dwangwa ana ayamba kale kulira ngati mbuzi ndikamadutsa ndi makwerero anga, ndipo a Hussein akawerenga kuti nkhope ya mlongo wawo inakhala pageti miyezi iwiri, ndibwereranso kukhala chitsa. Zonsezi ndazilandira. Ndinazigwirira ntchito.

Zopempha zanga ndi zazing'ono, zoyenera munthu wa pa makwerero.

Muwabwezere a Fidelis ntchito yawo, ndipo kalata imene munawalembera ija muitaye pa mulu womwe uja wa kuseri. Ndikukutsimikizirani kuti imeneyo sadzaitola.

Chithunzi si chanu, pakuti munachitaya. Si changanso, pakuti ndinaseka. Mwini wake ndi amene ali m'matopemo, ndipo wanena kuti chibwerere pamsomali wake m'kanyumba ka pageti, kufikira tsiku limene a Fidelis adzapume ntchito mwaulemu n'kupita nacho kwawo. Ngati mlendo wolemekezeka uja akufuna kuchionanso, akapemphe kwa mlonda.

Ndinali ndi pempho linanso. Ndinaganiza zoti, poona mmene zinthu zayendera, inu ndi a Fidelis mungosinthana: iwo azisankha zopachika pamakoma, inu muzikhala pageti. Ndinafika podzipereka kuti ineyo ndizikuthandizani masiku a Loweruka. Koma nditawawerengera a Habiba ndime imeneyi, anati ndiifufute, chifukwa akundipempha kuti ndipulumutse ntchito ya munthu, osati kuti ndibetse katundu wa eni. Akuti ulonda ndi ntchito yofuna munthu amene amaona chimene chili patsogolo pake, ndipo pa amuna atatu a m'nkhaniyi woteroyo ndi mmodzi. Choncho ndikupemphani modzichepetsa kuti mukhalebe pa mpando wanu, pamene simungaononge zambiri.

Ine wanu wogwada, amene munamukweza ndipo watsika yekha,

Sufiyani Kalilu,
Wolemba zikwangwani,
Kuseri kwa chigayo, Dwangwa, Nkhotakota.